Shuga Wotsika ndi Shuga Wokwera: Momwe Aliyense Amapwetekera Ubongo

Ubongo wa munthu wamkulu sukwana kilogalamu imodzi ndi theka, koma umatha gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu akangokhala. Chakudya chake chachikulu ndi shuga wa m'magazi, pafupifupi magalamu 120 patsiku, ndipo susunga wambiri woti udzadye mawa. N'chifukwa chake matenda a shuga, amene ambirife timawadziwira pa zilonda za kumapazi, maso ndi impso, amafikanso kumutu. Amafikako shuga akatsika kwambiri, komanso akakhala wokwera kwa zaka.

Shuga wotsika sabisala. Taganizirani mayi amene wamwa piritsi la shuga la glibenclamide m'mamawa, n'kunyamula khasu phala lisanapse, poti akalimeko dzuwa lisanatenthe. Ikamakwana 10 koloko thukuta lozizira lili kamukamu, manja akunjenjemera, mtima ukugunda mofulumira, njala yamugwira ngati sanadye masiku awiri. Apa shuga amakhala watsika pansi pa 70 mg/dL, kapena 3.9 mmol/L pa makina ena oyezera. Akafika cha m'ma 54, ubongo weniweniwo umayamba kusowa chakudya. Lilime limalemera, mayendedwe amakhala odzandira, munthu wofatsa amayamba kukalipa popanda chifukwa. Odutsa amangoti waledzera, ndipo ena ataya moyo chifukwa anasiyidwa kuti mowa uwathere. Shuga akapitiriza kutsika munthu amagwa ngati wakhunyu, n'kukomoka.

Komatu vuto loopsa chonchi limatha ndi zinthu za pakhomo. Ngati munthuyo akutha kumeza, masipuni aang'ono anayi a shuga osungunula m'madzi, kapena theka la botolo la Fanta, amamubweza pakangopita mphindi 15, kenako adye chakudya chenicheni. Wokomoka sapatsidwa chakumwa, amathamangira naye kuchipatala. Nthawi zambiri nzeru zimabwerera tsiku lomwelo.

Shuga wokwera alibe phokoso lotere. Munthu akhoza kukhala naye zaka khumi akugwira ntchito, akuyendetsa galimoto, akungodandaula ludzu ndi kukodza pafupipafupi usiku. Ngati wotsikayo ali moto wogwira denga, amene mudzi wonse umathamangira ndi ndowa, wokwerayu ndi chiswe cha m'mitengo ya denga lomwelo. Amawononga timitsempha ting'onoting'ono ta magazi ta mu ubongo monga amachitira ndi ta m'maso ndi impso. Timitsemphato tikauma ndi kuchepa, tizigawo tina timafa mwakachetechete, ndipo ulusi wa mitsempha umene umalumikiza mbali zotalikirana za ubongo umafooka.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuganiza si ntchito ya malo amodzi a ubongo. Kuti mukumbukire amene munamubwereka ndalama, zingati, ndiponso munagwirizana kubweza liti, zigawo zingapo zakutsogolo, zam'mbali ndi zakumbuyo zimayenera kutumizirana uthenga pa nthawi yake. Limodzi mwa magulu a zigawo zoterezi ndi limene Marcus Raichle ndi anzake analifotokoza mu 2001, lodziwika kuti default mode network, limene limakhala jijirijijiri munthu akangokhala n'kumakumbukira zakale kapena kulingalira za mawa. Mu 2012, Gail Musen ndi anzake a ku Joslin Diabetes Center mumzinda wa Boston anaunika ndi makina a MRI anthu odwala shuga wa mtundu wachiwiri, ndipo anapeza kuti zigawo za gulu limeneli sizinkagwirizana mwamphamvu ngati za anthu opanda matendawa. Anthuwo ankayankhabe bwino mayeso a nzeru, kusonyeza kuti kusinthaku kumayamba mwiniwake asanazindikire kanthu. Gulu lomweli ndi limene limasokonekera msanga pa matenda oiwala zinthu a Alzheimer.

Zikayamba kuonekera, sizikhala zodzidzimutsa. Munthu amangochedwa. Wogulitsa pamsika amene ankawerengera chenje m'mutu kasitomala asanatseke chikwama, tsopano amayambiranso kuwerenga kawiri. Kugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi kumamuvuta. Kwa ambiri zimathera pomwepo, ndipo tiyenera kunena zimenezi momveka kuti tisaopseze anthu pachabe. Koma kwa ena zimapitirira. Kafukufuku wa mumzinda wa Rotterdam ku Netherlands, amene anatsatira okalamba oposa 6,000, anasonyeza mu 1999 kuti odwala shuga anali pa ngozi yowirikiza pafupifupi kawiri yodwala matenda oiwala zinthu a muukalamba. Kafukufuku wina wa ogwira ntchito m'boma ku London, wotchedwa Whitehall II, anaonjezera mu 2021 kuti ngoziyo imakula munthu akayamba kudwala shuga adakali wachichepere. Zaka zimene ubongo wakhala mu shuga wokwera zimawerengedwa.

Nanga choopsa kwambiri n'chiti? Funsoli n'lovuta chifukwa mankhwala othana ndi shuga wokwera, makamaka insulin ndi glibenclamide, ndi omwewo amene amamugwetsa. Wodwala amene anakomokapo kamodzi amachita mantha, n'kuyamba kudumphitsa mankhwala dala kuti shuga azikhala pamwamba. Sindimudzudzula. Koma umboni umene ulipo sukugwirizana naye ngati ali wachinyamata.

Kuyambira 1983 mpaka 1993, ku United States ndi Canada kunachitika kafukufuku wotchedwa DCCT pa anthu 1,441 odwala shuga wa mtundu woyamba, achinyamata ndi achikulire osapitirira zaka 39. Amene ankabaya insulin pafupipafupi kuti shuga akhale pafupi ndi mlingo wabwino ankagwa ndi shuga wotsika kuwirikiza katatu kuposa anzawo. Madokotala ankaopa kuti ubongo wawo uwonongeka. Atawayesanso patapita zaka 18, zotsatira zimene zinatuluka mu 2007 zinasonyeza kuti kukomokako sikunawachotsere nzeru. Amene anayamba kuchedwa pa kuganiza ndi kugwiritsa ntchito manja anali aja amene shuga wawo ankakhala wokwera. Koma nkhani sinathere pamenepo. Mu 2021, patapita zaka 32, anthu omwewo ali pafupi ndi zaka 60, zinaoneka kuti zonse zitatu zinasiya chipsera: shuga wokwera, kugwa kawirikawiri ndi shuga wotsika, ndi BP yokwera. Amene anali ndi zonsezi, kaganizidwe kawo kanali ngati ka munthu wowaposa ndi zaka zoposa 9.

Kwa okalamba sikelo imapendekera kwina. Rachel Whitmer ndi anzake anaunika mu 2009 mbiri ya odwala shuga wa mtundu wachiwiri 16,667 ku California, a zaka za m'ma 65. Amene anathamangira nawo kuchipatala kamodzi chifukwa cha shuga wotsika, ngozi yawo yodwala matenda oiwala inakwera ndi 26 peresenti. Amene zinawachitikira katatu kapena kuposa, inatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Kafukufuku wina wa ku North America, ACCORD, anayesa kutsitsa shuga mwamphamvu mwa achikulire amene anali pa ngozi ya matenda a mtima. Njirayi inaimitsidwa mu 2008 chifukwa imfa zinachuluka, ndipo gawo lake loona za ubongo linapeza kuti nzeru za anthuwo sizinaposa za anzawo, ngakhale ubongo wawo sunafote kwambiri ngati wa enawo.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mwa okalamba mavuto awiriwa amayamba kudyetsana. Gogo amene shuga wokwera wamuchepetsa kukumbukira amaiwala kuti wamwa kale mankhwala, n'kumwanso, kapena amabaya jakisoni n'kuiwala kudya. Shuga amagwa, ubongo umapwetekanso, kuiwala kumakula. Kwathu kuno pali zina zoonjezera: miyezi ya njala pamene nsima imadyedwa kamodzi patsiku koma mapiritsi akumwedwa monga mwa masiku onse, kusala kudya kwa kutchalitchi ndi kwa Ramadan, komanso khalidwe lomvetsa chisoni lotchula gogo wolankhula zosokonekera kuti ndi mfiti, m'malo momutengera kukayezetsa.

Maganizo anga ndi akuti wachinyamata ndi wazaka zapakati aziopa kwambiri shuga wokwera, chifukwa zaka zoti awonongeke nazo zidakali zambiri, ndipo azisamala BP mofanana. Madokotala ambiri amafuna kuti kuyeza kwa HbA1c, kumene kumasonyeza mmene shuga wakhalira pa miyezi itatu, kuzikhala pansi pa 7 peresenti mwa anthu otere. Kwa gogo amene wayamba kuiwala, kapena amakhala yekha, malire amafewetsedwa kufika cha pa 8, chifukwa kugwa kumodzi kukhoza kumulanda zambiri kuposa zimene shuga wokwererako pang'ono angamulande. Bungwe la WHO linalemba pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira kuti glibenclamide sayenera anthu opitirira zaka 60, ndipo m'malo mwake linaika gliclazide. Mankhwala ena a shuga, a metformin, paokha sagwetsa shuga kawirikawiri. Amene mumaperekeza agogo kukiliniki ya shuga, musasiye kapena kusintha mankhwala panokha, koma muwauze adokotala kuti mwezi uno agwa kangati, amadya kangati patsiku, ndiponso ndani amawakumbutsa kumwa mapiritsi.