Malangizo aulere a ana a ku yunivesiti: kodi mukomboni mutsala ciani?

Mukakwera minibasi m'mawa pa City Market kapena pa Kulima Tower kupita kukomboni, mumakhala momasuka ngati basi ndi yanu. Nthawi imeneyo aliyense ali kuthamangira m'tauni, ndipo basi yobwerera imanyamuka ndi anthu asanu cabe, kondakita akuitana mphepo. M'mabasi opanda anthuwa ndimo mumapezeka kagulu kena: anyamata ndi atsikana atatu kapena anayi, cikwama ca laputopu pamiyendo, nsapato zoyera zimene sizinalaweko matope a Kanyama. Si akalembera, si a kanselo. Ndi ana a ku yunivesiti ophunzira zamalonda, ndipo apita kukalangiza eni mabizinesi ang'onoang'ono, makilabu a azimai ndi makopaletivu popanda kulipidwa olo ngwee imodzi.

Masukulu ophunzitsa zamalonda tili nawo ambiri: UNZA pa Great East Road, Copperbelt University ku Kitwe, Mulungushi ku Kabwe, UNILUS, ZCAS ndi ena. Mwana asanavale cisoti, nthawi zambiri amafunika kucitako attachment kapena kafukufuku pa bizinesi yeniyeni. Aphunzitsi ena amawagawa m'magulu n'kuwauza kuti: pitani mukapeze bungwe lili ndi vuto, mukalimvetse vutolo, mubwere ndi mankhwala ake. Papepala aliyense apindula. Mwana apeza mamaki ndi cina colemba pa CV, bungwe lipeza malangizo amene kwa akatswiri a m'maofesi a m'tauni likanawalipira ndalama zambiri.

Ine ndinaziona pafupi caka catha, cifukwa mwana wa mlongo wanga anali m'gulu lotere. Iye ndi anzake atatu anapatsidwa kilabu ya azimai 14 osoka mayunifomu a sukulu m'komboni ina kumadzulo kwa Lumumba Road. Azimaiwa ali ndi makina anayi m'kacipinda ka mpingo, awiri a malaiti, awiri opalasa ndi miyendo. Kucokera mu 2022, pamene boma linacotsa malipiro m'masukulu ake mpaka Giredi 12, ana m'makalasi anaculuka ndipo mayunifomu ayenda. January aliyense makinawo sagona. Koma pogawana ndalama kumapeto kwa temu, mai aliyense amabwerera kunyumba ndi kocepa kosakwana thumba la unga ndi malasha. Funso lawo linali limodzi: nchito ilipo, nanga ndalama ipita kuti?

Tsiku loyamba anawo anafika ndi mafunso a masamba asanu ndi limodzi, onse m'Cingelezi. Makina anaima masana onse. Atamaliza, a Chairlady anapukuta magalasi awo n'kunena kuti, "Imwe bana banga, benangu banabwela na vipepala monga ivi. Tinayankha vonse. Mpaka lelo sitinabaonepo." Mphwangayo anabwera kunyumba nkhope ili pansi. Anandiuza kuti, "Amalume, bationa monga tabwela cabe kutenga mamaki." Ndinamuyankha kuti azimaiwo sananame, pakuti mamakiwo anawafunadi. Cotsala cinali kuonetsa kuti abwera ndi cinanso.

Mlungu wotsatira anasiya mapepala kunyumba. Anakhala pansi pafupi ndi makina, kuthandiza kudula ulusi ndi kusita, uku akufunsa mtengo wa cinthu ciliconse. Apa ndipo nkhani inatuluka. Diresi ya yunifomu azimaiwo anali kugulitsa K150. Nsalu inali kudya K85, ulusi, mabatani ndi zipi K15. M'mutu mwawo phindu linali K50. Koma basi yopita ku Kamwala kukagula nsalu ndi kubwerako sinali kuwerengedwa. Mayuniti a malaiti sanali kuwerengedwa. Singano zothyoka, mafuta a makina, munthu wokonza makina akafa, kangacepe kopereka ku mpingo cifukwa ca cipinda, zonsezi zinali kucoka m'thumba la aliyense amene ali ndi cenji tsikulo. Ataziphatikiza n'kuzigawa pa diresi iliyonse, zinakwana K20. Phindu linatsika kufika pa K30, ndipo m'K30 imeneyo ndimo munali malipiro a maola onse amene mai wakhala pa makina.

Cacikulu cinali nkhongole. Makolo a anawo ndi anansi, ena opemphera nawo limodzi. Munthu akabwera kuti mwana wabwezedwa kusukulu, ndipatseniko ndidzalipira pa mwezi ukatha, kumukana n'kovuta. Koma diresi imodzi yosalipidwa imapita ndi K120 imene kilabu inatulutsa, ndiye kuti yadya phindu la madiresi anayi. A Treasurer, mai amene analekera sukulu mu Giredi 7 koma masamu a m'mutu amaposa foni, anali kudziwa aliyense wa nkhongole ndi dzina. Cimene sanacitepo ndi kuziika pamodzi. Tsiku limene anaziona zitalembedwa pa tsamba limodzi, anagwira pakamwa.

Musaganize kuti anawo anafika n'kukhala anzeru pa zonse. Malangizo awo oyamba anali a m'buku: tsamba la Facebook, cizindikiro ca kilabu, ndi maakaunti a pa kompyuta. Kilabu ilibe laputopu, mafoni ambiri ndi tung'ono twa mabatani, ndipo aliyense akumbuka mmene malaiti anavutira kucokera mu 2024, madzi atacepa ku Kariba. Anawo ananenanso kuti mtengo ukwere kufika K200. A Chairlady anaseka. Anawauza kuti matelala a pa maliketi ali pamtunda wa mphindi zisanu, ndipo kholo la ana atatu silingaonjezere K50 pa mwana aliyense cifukwa cakuti mumapemphera limodzi. Zimenezi palibe mphunzitsi anawauzapo, ndipo anazilemba.

Zimene zinagwira nchito zinali zinayi, zonse zazing'ono. Buku la hard cover la mizere itatu: zalowa, zatuluka, nkhongole. Lamulo lakuti nsalu sidulidwa kholo lisanapereke theka la mtengo, ndipo popeza ndi lamulo la kilabu, palibe mai amene angadedwe yekha cifukwa cokana mnansi. Nambala ya mobile money ya kilabu payokha, kuti ndalama za mayunifomu zileke kusakanizika ndi za ndiwo za a Treasurer. Ndi kugula nsalu ya mpukutu wathunthu mu November, m'malo mothamangira mamita awiri awiri mu January, ulendo uliwonse basi ikudya. Mtengo anaukweza pang'ono, kufika K170.

Panali cinthu cina cimene azimaiwo anali kuyembekeza mumtima: CDF. Kucokera pamene ndalamayi inakwera mu 2022, kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, makilabu a azimai ndi acinyamata ambiri alembetsa kufuna magranti ndi malooni ake. Njira yake ili ndi mapepala: setifiketi yoonetsa kuti gulu ndi lolembetsedwa, akaunti ya ku banki, pulani ya nchito ndi bajeti, zonse zodzera ku Ward Development Committee. Apa mwana wa ku yunivesiti athandizadi. Adziwa kuti dzina la bizinesi limalembetsedwa ku PACRA, kuti kopaletivu ili ndi ofesi yake yolembetsera, kuti TPIN ya ku ZRA sagula ndipo banki idzaifunsa. Adziwa kulemba bajeti imene manambala ake agwirizana. Mukomboni muli anthu amene amalipiritsa kulemba mapepala otere, ndipo nthawi zina pepala limodzi lomwelo amaligulitsa ku magulu angapo, kungosintha dzina. Koma mwana wa sukulu sangakulonjezeni ndalama. Si iye asankha. Akakuuzani kuti adziwana ndi munthu ku kanselo, mukhale ceru monga mmene mungacitire ndi wina aliyense.

Manje tiyeni tikambe za liwu lakuti ulere. Inu okwera mabasi mudziwa kuti palibe ulendo waulere. Ngati simunalipire inu, walipira wina. Kucoka kusukulu kufika kukomboniko ndi mabasi awiri, kubwerera awirinso, kawiri pa mlungu, kwa miyezi itatu. Onjezani mabandulo a intaneti ndi kusindikiza mapepala. Meal allowance inabwerera mu 2023, koma ndi ya ana a m'mayunivesiti a boma amene ali pa looni ya HELSB. Ena onse amadalira kunyumba. Mphwanga anali ndi amalume ake owakodola pa foni. Mnyamata mmodzi m'gulu lawo analibe wotere. Anayamba kujomba maulendo, anzake n'kumuyesa waulesi, mpaka tsiku limene anamuona akubwera wapansi kucokera m'tauni, malaya atanyowa thukuta. Nchito yosalipidwa imakondera mwana amene kwawo kuli kena kake, ndipo mnzake wosauka, amene afunitsitsa kalata ya umboni kuti akapeze nchito, ndiye amatsalira.

Nawonso azimai analipira. Masana alionse amene makina anaima kuti ayankhe mafunso anali madiresi osasokedwa. Anatsegula zinsinsi zawo, maina a ankhongole, manambala a mafoni. Ndiye cifukwa cake mau a a Chairlady a tsiku loyamba anali olemera. Lipoti likapita kwa mphunzitsi n'kukathera m'kabati, amene wagwira nchito yaulere ndi mai wa mukomboni, ndipo wapindula ndi mwana wa sukulu.

Palinso mbali ina yofunika kuiyang'ana. Kilabu ya azimai 14 singakwanitse kulipira akauntanti, ndiye mwana akaithandiza palibe amene walandidwa nchito. Koma kampani yokhala ndi magalimoto ndi ofesi yozizira, imene temu iliyonse itenga ana atsopano kuti aiwerengere katundu ndi kuilembera mabuku popanda olo ya basi, imeneyo yapeza anchito aulere. Mpando umene anawo akhalapo ndi womwewo umene adzaufuna akamaliza sukulu, n'kuuzidwa kuti tifuna munthu wa zaka ziwiri kapena zitatu pa nchito.

Ngati muli ndi kantemba, shopu yowocherera zitseko, saluni kapena gulu la village banking, ndipo ana otere agogoda, alandireni, koma mukambirane poyamba. Funsani kalata ya kusukulu ndi dzina la mphunzitsi wawo. Auzeni vuto limodzi limene likusowetsani tulo, osati khumi. Gwirizanani masiku ndi maola, kuti asabwere nthawi ya makasitomala. Funsani cimene adzakusiyirani m'manja, ndipo cikhale m'cilankhulo cimene mumawerenga. Maina ndi manambala a NRC a mamembala anu asalowe m'lipoti popanda cilolezo cawo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zotere, Data Protection Act ya 2021. PIN ya foni kapena ya ku banki musapatse munthu, olo akhale waulemu bwanji. Ndipo ngati mungakwanitse, ya basi yobwerera kapena mbale ya nsima si malipiro, ndi umunthu cabe.

Inu ana a sukulu, pemphani kalata ya umboni musanacoke, yonena zimene munacita, yosainidwa ndi kudindidwa. Musanasindikize lipoti la aphunzitsi, bwererani mukawerengere eni ake zimene mwapeza, akukonzeni pamene mwalakwa. Ndipo masukulu nawo ali ndi mbali yawo. Mphunzitsi apondeko kamodzi kumene watuma ana. Gawo lina la mamaki licoke kwa eni bizinesi, pakuti ndiwo adziwa ngati athandizidwa. Gulu la caka camawa lipatsidwe zimene anzawo anapeza, kuti azimai asafunsidwenso mafunso omwewo kacitatu.

January wapitayu ndinatsika pa siteshoni ya kufupi ndi mpingo uja kukagulira mdzukulu wanga yunifomu. Lipoti la masamba 40 lilipo, a Treasurer alisunga m'pulasitiki pamodzi ndi setifiketi ya kilabu, loyera ngati latsopano. Buku la hard cover linali pa makina, lakuda ndi mafuta, makona atapindika, litalembedwa kupitirira theka. Za CDF akali kuyembekeza yankho. Nditasankha nsalu ndinati ndidzalipira zonse pobwera kudzatenga. A Treasurer anatsegula bukulo, bolopeni m'manja, n'kunena kuti, "Ba uncle, half pamene apa. Ni mwana wanu anatiphunzisa."

Ndinalipira.