Imvi kumutu, buku la chinjoka m'manja

Tsiku lina ndili khale pakhonde, aneba anga anabwera kudzabwereka pampu ya njinga. Ataona buku limene linali m'manja mwangamu anaima kaye. Pachikuto panali chinjoka chamapiko chikulavula moto pamwamba pa phiri. "Achimwene," anatero, "ndi imvi zonsezi mukuwerengabe za ana?" Tinaseka, ndinawapatsa pampuyo n'kumapita. Koma funso lawo linali labwino, ndipo mwina inunso mumalifunsa chamumtima mukaona munthu wamkulu ndi ndevu zake atangoti maso tong'o pa kanema wa zombo zopita ku nyenyezi. Sendezani mpando kuno ndikufotokozereni.

Nkhani zimenezi zilipo mitundu iwiri, ndipo anthu amaisokoneza ngati mmene mwana wokulira m'tauni amasokonezera mapira ndi mawere. Pachingelezi mtundu wina amautcha fantasy, wina science fiction. Woyambawo mumaudziwa kale, chifukwa munakula nawo. Agogo akati "Padangokhala!" ife tinkayankha "Tili tonse!" ndipo kuyambira pamenepo Kalulu ankalankhula, Fisi ankapita kukafunsira mbeta, mtsikana ankaimba ali m'kati mwa ng'oma. Palibe mwana amene ankaimika agogo kuti afotokoze kuti kalulu anaphunzira kuti Chichewa. Tinkavomereza bodza limodzi lalikulu pachiyambi, kenako tinkafuna kuti zina zonse ziyende mwadongosolo. Mtsikana akauzidwa kuti asavundukule mphika, iye n'kuvundukula, chilango chinkayenera kubwera. Agogo akaiwala chilangocho tinkawakumbutsa.

J.R.R. Tolkien anachita zomwezo, kungoti nthano yake inatalika mpaka kudzaza mabuku atatu. Munthuyu anabadwira ku Bloemfontein mu 1892, anamenya nawo nkhondo ya ku Somme mu 1916, kenako anakhala mphunzitsi wa zilankhulo zakale ku Oxford. Buku lake la The Lord of the Rings linatuluka mu 1954 ndi 1955. Pakati penipeni pa nkhaniyo pali mphete imene munthu akaivala amazimiririka, osaoneka ndi maso. Ndili mnyamata ndinkangosirira kuti nditakhala nayo ndikanamathyola mango a eni ake masana dzuwa likuswa mtengo. Nditakula m'pamene ndinaona kuti mpheteyo imamudya mwini wake pang'onopang'ono ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga. Kunja thumba lili bwinobwino, m'kati mwatsala ufa wokhawokha. Nanga si zimenezi zomwe timanong'onezana za munthu wokhwimira chuma, kuti golosale yake ikuyenda koma chizimba chake chikumumaliza? Mngelezi uja analemba nkhani imene aliyense wa kumudzi kwathu akhoza kuimva popanda womasulira tanthauzo.

Mtundu wachiwiriwo uli ngati chigayo. Pachigayo palibe matsenga. Injini ikalira imazunguza lamba, lamba azunguza zitsulo zophwanya chimanga, ufa udutsa pa sefa n'kugwera m'thumba. Ngakhale simunaphunzire umakaniko, mukhoza kulondola ndi chala kuchokera pa dizilo mpaka pa ufa. Wolemba nkhani zopeka za sayansi amakumangirani chigayo chimene sichinapangidwebe, koma ayenera kukuonetsani lamba wake. Akangoti "basi zinangochitika", ameneyo wabwerera kwa agogo.

Jules Verne wa ku France analemba za ulendo wa kumwezi mu 1865. Anthu ake anawaika m'chipolopolo chachikulu n'kuwaombera m'mwamba ndi mzinga wokumbiridwa pansi ku Florida. Pamenepo analakwitsa, chifukwa kuomba kotereko kukanawaphwanya ngati mazira m'dengu la pa kaliyala. Koma anakhala pansi n'kuwerengetsa liwiro lofunika kuti chinthu chithawe mphamvu yokoka ya dziko, ndipo patapita zaka 104, mu 1969, Apollo 11 inanyamukadi kuchokera ku Florida komweko, itanyamula anthu atatu ngati mmenenso zinalili m'bukumo.

Chitsanzo chimene ndimachikonda chili pakhoma la nyumba zambiri m'tauni. Munadzifunsapo chifukwa chimene dishi ya kanema imangomangidwa kamodzi, kulozetsedwa mbali imodzi, n'kumangitsa mabawuti, pamene setilaiti imene ikutumiza zithunzi ikuuluka mothamanga kumwambako? Tembenuzani njinga, mawilo aloze kumwamba, muzunguze gudumu. Sipoko iliyonse ili ndi mbali ya ku habu ndi mbali ya ku limu. Mbali ya ku limu imayenda mtunda wautali, ya ku habu waufupi, koma zonse zimamaliza kuzungulira nthawi imodzi. Nyerere itakhala pa habu n'kumayang'ana kunsonga ya sipoko yake, ingaone ngati nsongayo yangoima. Habu ndi dziko lathuli, nyerereyo ndi inu ndi dishi yanu. Setilaiti ikaikidwa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa ikweta, imazungulira kamodzi pa tsiku, mofanana ndi dziko. Arthur C. Clarke, mmodzi wa akatswiri olemba nkhani za mtunduwu, anafotokoza mu magazini ya Wireless World mu 1945 kuti zida zitatu zoikidwa pamenepo zikhoza kufalitsa mawu pafupifupi dziko lonse. Imeneyo sinali nthano, inali nkhani ya masamu, koma anailemba ndi mutu womwewo wozolowera kufunsa kuti "nanga zitati zatere?" Nthawi imeneyo kunalibe setilaiti ngakhale imodzi. Yoyamba, Sputnik, inakwera mu 1957.

Komatu musaganize kuti ndimawerenga mabukuwa ngati amene wapita kwa mlosi. Zambiri zimene olemba ake analosera sizinachitike, ndipo galimoto zouluka tikuzidikirabe pano tili pa mzere wa minibasi. Chimene chandigwira zaka zonsezi ndi china. Wolemba wabwino amachita ngati mayi amene akuphika ndiwo zomwe amaphika masiku onse, koma lero wasintha chinthu chimodzi chokha, wachotsa mchere kapena wathira nsinjiro, kuti aone mmene a pabanja achitire. Dziko lonse amalisiya mmene lilili, anthu ake ndi ife tomwe, ndi nsanje zathu ndi ngongole zathu.

Frank Herbert, m'buku la Dune la mu 1965, anachotsa mvula. Dziko lake la Arrakis ndi mchenga wokhawokha, silidziwa dzinja, silidziwa chizimalupsa. Ndiye anatsata nkhaniyo mpaka kumapeto kwake. Anthu akumeneko amavala zovala zotunga thukuta lawo lomwe n'kulisefa kuti alimwenso. Munthu akamwalira, madzi a m'thupi mwake amabwerera kwa abale ake. Kulavulira malovu pamaso pa mlendo ndi ulemu waukulu, chifukwa wamupatsa chinthu chodula kuposa golide, ndipo kukhetsera maliro misozi ndi mphatso yodabwitsa anthu. Amene anaimapo pa mjigo mu Okutobala kuyambira mbandakucha, zigubu zitandandalika mpaka kumsewu, azimayi akukangana za amene anayamba kufika, sangaliseke bukuli. Ine ndinaliwerenga kachiwiri chaka china cha ng'amba, ndipo ndinaleka kutsukira mano ndi kapu yodzaza.

Mawu akuti loboti nawonso ali ndi mbiri imene ingakudabwitseni, ndipo sindikunena maloboti a pamsewu aja. Anachokera m'sewero la R.U.R. la Karel Čapek la mu 1920. M'chilankhulo cha kwawo ku Czech, robota inali ntchito yokakamiza imene mlimi wosauka ankagwirira mwini malo. Ife tili ndi dzina lake: thangata, lomwe lija la m'maesiteti a ku Chiradzulu ndi Thyolo, limene linali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu 1915. M'sewerolo anthu opangidwa m'fakitale amagwira ntchito osalandira kanthu, mpaka tsiku lina aukira mabwana awo. Mwana amaonamo zidole zolusa. Mdzukulu wa munthu amene anathyola tiyi wa mzungu amaonamo agogo ake.

Ndisakunamizeni, mabuku oipa a mtunduwu alipo ochuluka, mwina kuposa abwino. Ena ndi nsima yosapsa: mfuti zowala, zilombo zamaso asanu ndi limodzi, koma mulibe munthu amene mungamulire akafa. Oterowo ndimawasiya pa tsamba la makumi awiri.

Kwa nthawi yaitali chinkandiwawa n'chakuti m'tsogolo monsemo munalibe ife, ngati kuti anthu akuda anatsalira pa siteji basi ya mawa ikunyamuka. Pano zasintha. Nnedi Okorafor, wobadwira ku America kwa makolo a ku Nigeria, analemba Binti mu 2015, nkhani ya mtsikana wa mtundu wa Himba amene akupita ku yunivesite ya kudziko lina atanyamula dothi lofiira lodzolera la kwawo, ndipo bukulo linapata mphoto za Hugo ndi Nebula. Kuno kwathu Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo.

Aneba aja atabweza pampu ndinawabwereka buku lachinjokalo, lija la The Hobbit, ndinati angoyesa mutu woyamba. Papita miyezi itatu tsopano. Pampu amabwerekabe n'kubweza tsiku lomwelo, koma buku langa sindinalionenso, ati likuwerengedwa ndi mayi a kunyumba kwawo.