Tikasewere Kuti ndi Madzi?

Mzinda wa Tete ndi wotentha kwambiri. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo. Masiku ena kutentha kumapitirira madigiri 40. Mbuzi zimabisala pansi pa mlambe. Ana onse amafuna cinthu cimodzi: madzi!

Loweruka likafika, banja limakambirana. Wina akuti, "Tiyeni kumtsinje." Wina akuti, "Iyayi, tiyeni ku pisina." Kodi banja lisankhe bwanji? Liyambe laganizira mwana wamng'ono kuposa onse. Malo abwino kwa iye ndi abwino kwa banja lonse.

Tiyambe ndi mtsinje. Zambezi ndi mtsinje waukulu. Umacokera kutali, ku Zambia, ndipo umadutsa pakati pa mzinda wathu. Ukaima pa mlatho wa Samora Machel umaona madzi ambiri, mabwato ndi asodzi. Kumtsinje sitilipira ndalama. Kumaomba kamphepo kabwino. Koma m'madzimo muli eni ake.

Mwini woyamba ndi ng'ona. Ng'ona imabisa thupi lonse m'madzi. Imangotulutsa maso ndi mphuno. Ukaiona patali, ungayese ndi cipika ca mtengo. Imadikira mwakacetecete pafupi ndi gombe, pamene anthu ndi ziweto amabwera tsiku ndi tsiku. Mvuu nayonso ndi yoopsa, makamaka ikakhala ndi mwana.

Mwini wina ndi wamng'ono zedi, sitingamuone ndi maso. Ndi kanyongolotsi kamene kamabweretsa likodzo. Kamakulira m'nkhono za m'madzi odikha, pafupi ndi udzu ndi mabango. Kakatuluka m'nkhono kamasambira. Mwana akalowa m'madzimo, kamalowa pa khungu lake. Iye samva ciliconse. Pakapita nthawi amayamba kukodza magazi. Ena amati ndi cizindikiro cakuti mnyamata wakula. Si zoona. Ndi matenda. Ukaona magazi pokodza, usacite manyazi. Uza amayi kapena abambo. Ku cipatala kuli mankhwala ake.

Palinso cina. Kumtunda kwa Zambezi, ku Songo, kuli damu lalikulu la Cahora Bassa. Linamangidwa kuyambira 1969 mpaka 1974, ndipo limapanga magetsi. Akatsegula zitseko za damulo, madzi amakwera kuno ku Tete ngakhale mvula isanagwe. Pamene dzulo panali mcenga, lero pangakhale pozama. Nthawi ya dzinja mitsinje imalusa koposa. Mu Januwale 2022 madzi a Revúbuè anagumula mlatho wa pa njira ya ku Moatize. Ngati madzi agumula mlatho, nanga mwana angalimbe?

Agogo anganene kuti, "Ife tinakulira mumtsinje womwewu." Akunena zoona. Mpaka lero amayi ambiri amacapa zovala ndi kutunga madzi kumeneko. Koma funsani agogowo. Adzakuuzani za anzawo amene sanabwerere kunyumba. Kumtsinje tingapite kukaona mabwato, titagwira dzanja la munthu wamkulu. Kusewera m'madzimo ayi.

Nanga pisina nciani? Pisina ndi dziwe lomangidwa ndi anthu. Pansi pake ndi m'mbali mwake ndi mwa simenti. M'madzi ake amathiramo mankhwala opha tizirombo. Mulibe ng'ona, mulibe nkhono. Mahotela ena a mumzinda ali ndi pisina, ndipo polowa timalipira.

Koma si pisina iliyonse imene ili yabwino. Mukafika, musathamangire kuvula. Yambani mwayang'ana. Kodi pansi pakuoneka? Madzi akakhala obiriwira kapena akuda, bwererani. Kodi pali mbali yosazama ya ana? Pisina zambiri zili ndi mbali ziwiri. Kwina madzi amalekeza m'ciuno. Kwina amamiza ngakhale abambo ataimirira. Mwana wa kalasi yoyamba asewere pamene angaime yekha, madzi osapitirira pacifuwa. Yang'ananinso mthunzi ndi cimbudzi. Dzuwa la masana limadwalitsa mutu, conco ndi bwino kupita m'mawa kapena dzuwa litapendeka.

Pa wailesi yakanema timaona malo akuluakulu osewereramo ndi madzi. Ku Durban, m'dziko la South Africa, kuli malo otere, dzina lake uShaka Marine World. Anthu amakwera pamwamba ndi kutsetsereka mpaka m'madzi, khuvuu! Ndi zokongola. Koma ndi kutali, ndipo ulendo wake umafuna ndalama zambiri. M'malo otere amayezanso msinkhu. Mwana wamfupi saloledwa kukwera potsetsereka pataliatali. Angayende ulendo wonsewo nkungoonerera akulu ake.

Ndalama zikasowa, masewera sanathe. Ikani beseni pansi pa mtengo wa mango. Thirani madzi pang'ono. Bweretsani zikho ndi mabotolo. Pangani bwato la pepala. Kodi liyandama kapena limira? Nanga mwala? Nanga tsamba? Mukatha, thirirani mbewu ndi madziwo ndipo vundikirani beseni. Khanda lokwawa lingamire ngakhale m'ndowa. Udzudzu nawonso umaswana m'madzi okhalitsa.

Tsopano mau kwa inu makolo. Musananyamuke, funsani mtengo wolowera wa akulu ndi wa ana, ndipo muwerengere ndalama za xapa popita ndi pobwera. Tengani madzi akumwa, cifukwa a mu pisina sakumwedwa. Koma cacikulu ndi ici: mwana akamamira nthawi zambiri safuula. Pakamwa pake pamakhala pali m'madzi. Amamira mwakacetecete, anthu ali pomwepo akuceza. Conco sankhani munthu wamkulu mmodzi woyang'anira ana. Asunge foni m'thumba, asamwe mowa, ndipo akhale pafupi moti angagwire mwana ndi dzanja. Akatopa, auze wina momveka kuti, "Tsopano ndi inu." Nchito imeneyi musapatse mlongo wake wa zaka 8. Nayenso ndi mwana, ndipo wabwera kudzasewera.