Kudzitsatsa kwa oimba pa intaneti

Kudzitsatsa kwa oimba pa intaneti ndi ntchito imene woimba mwiniwake amagwira pofalitsa nyimbo zake ndi dzina lake pa masamba a mchezo monga YouTube, TikTok, Facebook ndi Instagram. Ntchitoyi imayendera limodzi ndi ya munthu amene amalembedwa kuti azifalitsa mbiri ya woimbayo, yemwe pa Chingerezi amatchedwa publicist, koma ndi ntchito ziwiri zosiyana. Publicist amafikira atolankhani ndi mawailesi, pomwe woimba amafikira omvera enieniwo.

Ntchito ya publicist

Publicist amalemba nkhani zotumiza ku nyuzipepala, amapezera woimba mpata wokacheza pa wailesi kapena pa kanema, ndipo amayankhira pakabuka mphekesera. Nthawi zambiri amagwira ntchito kwa miyezi yowerengeka pamene nyimbo kapena chimbale chikutuluka. Mphamvu zake zagona pa anthu amene amadziwana nawo, komabe sangakakamize mtolankhani kulemba. Mkonzi akalandira dzina lachilendo amayamba wayang'ana masamba a woimbayo kuti aone ngati alipo anthu omutsatira. Akapeza tsamba logona, limene linalembedwapo komaliza chaka chatha, nkhaniyo imathera pomwepo.

Chifukwa chake woimba sangasiyire ena zonse

Tsiku lililonse nyimbo zatsopano zoposa 100,000 zimaikidwa pa Spotify ndi malo ena omverera nyimbo pa intaneti. Nyuzipepala ndi mawailesi sangakwanitse kutchula ngakhale kachigawo kochepa ka nyimbozi. Masamba a mchezo nawonso amaonetsa munthu zinthu potengera zimene ena aonera mpaka kumapeto, kugawana kapena kuyankhapo, choncho woimba amene amaikapo zinthu kawirikawiri amaonekera kwa anthu ambiri.

Palinso nkhani ya mawu a mwini. Omvera amazindikira msanga uthenga wolembedwa ndi ofesi. Kanema wamfupi wa woimba ali mu situdiyo, kapena akuyankha yekha funso la womutsatira, sangapangidwe ndi munthu wina. Ndipo kontirakiti ya publicist ikatha, otsatira aja amatsalabe ndi woimbayo.

Chitsanzo cha "Old Town Road"

Mu 2018 mnyamata wa ku Atlanta ku America, Lil Nas X, anagula pa intaneti zing'wenyeng'wenye za nyimboyi kwa YoungKio wa ku Netherlands pa mtengo wa madola 30 okha. Anaitulutsa payekha mu Disembala chaka chomwecho, alibe kampani yojambula nyimbo. Popeza anali atazolowera kale kuseketsa anthu pa Twitter, anayamba kupanga timakanema tanthabwala tambirimbiri n'kumaikamo nyimboyo. Kumayambiriro kwa 2019 achinyamata a pa TikTok anaitola, n'kumadzijambula atavala zipewa ndi nsapato za oweta ng'ombe a ku America.

Makampani anabwera pambuyo pake. Mu Malichi 2019 anasaina ndi Columbia Records, ndipo mwezi womwewo magazini ya Billboard inachotsa nyimboyi pa mndandanda wa nyimbo za country ponena kuti siikukwanira m'gululo. Mkanganowo unapatsa atolankhani nkhani yolemba. Mu Epulo nyimboyi inatulukanso ataiimba limodzi ndi Billy Ray Cyrus, ndipo inakhala pa nambala 1 pa Billboard Hot 100 kwa masabata 19, zimene zinali zisanachitikepo. N'zokayikitsa kuti mnyamatayu akanafika pamenepa popanda ndalama ndi antchito a kampaniyo, koma kampaniyonso inasaina munthu amene anali atasonkhanitsa kale omvera.

Ku Malawi

Mu 2020 Patience Namadingo anajambula kanema akuimba ndi Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu nyimbo zakale za mkuluyu, n'kumuika pa intaneti. Chakumapeto kwa 2021 gawo la nyimbo ya "Linny Hoo" linafalikira pa TikTok m'mayiko ambiri, ndipo atolankhani akunja anayamba kulemba za iye ali ndi zaka zoposa 90. Apa napo intaneti ndiyo inatsogola, nyuzipepala n'kutsatira. Chosiyana n'chakuti Chalamanda sanadzitsatse yekha, analibe n'komwe foni yamakono. Nyimboyo inadutsira pa masamba a woimba wachinyamata amene anali ndi omutsatira kale.

Zovuta zake

Si oimba onse amene amakondwa ndi udindowu. Mu Meyi 2022 woimba wa ku America, Halsey, anadandaula pa TikTok kuti kampani yake ikukana kutulutsa nyimbo yake yatsopano pokhapokha patakhala kanema wofala pa tsambalo. Chodabwitsa n'chakuti dandaulo lomwelo ndilo linafala, ndipo nyimboyo, "So Good", inatuluka mwezi wotsatira. Nthawi yojambula timakanema ndi kuyankha anthu imadya nthawi yopeka nyimbo, ndipo woimba akalemba mawu olakwika atapsa mtima, publicist ndi amene amavutika kukonza. N'chifukwa chake awiriwa amagwirizana pasadakhale za tsiku lolengeza nyimbo, kuti woimba asaulule yekha nkhani imene inalonjezedwa ku nyuzipepala inayake.

Vuto lina n'lakuti masambawa ali ndi eni ake. Mu 2019 MySpace inavomera kuti inataya nyimbo pafupifupi 50 miliyoni zimene anthu anaikapo pakati pa 2003 ndi 2015. Mu Febuluwale 2024 nyimbo za kampani ya Universal Music zinachotsedwa pa TikTok chifukwa cha kusamvana pa malipiro, ndipo oimba ake ambiri anakhala osatha kutsatsa nyimbo zawo pamenepo mpaka mbali ziwirizi zinagwirizana mu Meyi.