Atachimenti: komwe ophunzira sayansi amapeza malo oyeserera ntchito

Ophunzira ambiri a sayansi m'mayunivesite a m'Malawi amayenera kukhalako pamalo antchito kwa masabata kapena miyezi ingapo asanalandire digiri. Nthawi imeneyi amangoitchula kuti atachimenti. Cholinga chake n'chakuti zimene wophunzira adamva m'kalasi azigwire ndi manja: kuyeza madzi, kuunika magazi, kusamala munda wa kafukufuku, kapena kulemba zotsatira m'njira yoti wina angathe kuzitsimikiza. Kwa ambiri, kumeneku n'kumene amakakhudza koyamba makina omwe ankangowaona m'mabuku, chifukwa m'malabu a pasukulu chipangizo chimodzi chimadikiridwa ndi gulu lalikulu.

Chovuta n'chakuti ofuna malo achuluka. LUANAR idaima payokha mu 2012, MUST idatsegula zitseko ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 MUBAS ndi KUHeS zidachoka pansi pa University of Malawi. Kuphatikiza Mzuzu University ndi mayunivesite omwe si aboma, chaka chilichonse makalata ambiri amakaunjikana m'maofesi ochepa omwe ndi odziwika. Maofesi oona za ophunzira amathandiza ndithu, koma nthawi zambiri amangopereka kalata yomuperekeza wophunzira. Kusaka malo kumamutsalira mwiniwake.

Malo ali kuti?

Pa zaumoyo, maso a ambiri amathamangira ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, yomwe ili pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndiponso ku UNC Project pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Awa ndi malo a kafukufuku wa malungo, HIV ndi chifuwa chachikulu, ndipo mpikisano wake ndi waukulu. Komatu chipatala chilichonse chachikulu cha boma m'maboma chili ndi labu, monganso zipatala za mishoni. Kumeneko antchito ndi ochepa, choncho wophunzira amapatsidwa zochita zenizeni mwamsanga. Ku Chilumba m'boma la Karonga kulinso malo akale a kafukufuku wa matenda omwe tsopano ali pansi pa MEIRU.

Pa zaulimi, boma lili ndi malo a kafukufuku m'zigawo zonse zitatu: Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo, Makoka ku Zomba, Kasinthula ku Chikwawa, Lifuwu ku Salima komwe kumadziwika ndi mpunga, ndi Lunyangwa ku Mzuzu. Pa Chitedze pomwepo pamapezekanso mabungwe akunja monga ICRISAT, omwe amagwira ntchito pa mtedza ndi nandolo. Kafukufuku wa fodya ali ku ARET, pomwe wa tiyi ali ku Tea Research Foundation ku Mulanje.

Wophunzira za chilengedwe ayang'ane ku Zomba. Mumzinda umodzi womwewu muli Forestry Research Institute of Malawi, National Herbarium yomwe imasunga zitsanzo za zomera, ndi nthambi ya boma yoona za miyala. Chapafupi pa Domasi pali malo a kafukufuku wa ulimi wa nsomba, ndipo ku Monkey Bay amafufuza za nsomba za m'nyanja ya Malawi.

Ophunzira chemistry ndi physics malo awo ali m'mafakitale ndi m'mabungwe a boma. Malawi Bureau of Standards imayeza zakudya ndi katundu wa pamsika. Mabungwe asanu ogawa madzi ali ndi ntchito yoyeza ukhondo wa madzi. Illovo ili ndi malabu ku Nchalo ndi ku Dwangwa, pomwe EGENCO imapanga magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire.

Nyengo nayo imalamula

Ntchito zambiri za sayansi m'dziko muno zimayenda ndi nyengo. Minda yoyesera mbewu imakhala ndi zochita zambiri kuyambira mvula ikagwa cha mu Novembala mpaka nthawi yokolola cha mu Epulo ndi Meyi. Tiyi amathyoledwa kwambiri m'dzinja, pomwe mafakitale a shuga amagaya nzimbe m'miyezi yopanda mvula. Wopita ku Nchalo makina ataima, kapena ku munda wa kafukufuku chimanga chili kale m'nkhokwe, angathe kutha nthawi yake akungokopera manambala. N'chifukwa chake kusaka kumayenera kuyamba miyezi ingapo tchuthi chisanafike, wophunzira atafufuza kuti malowo amatanganidwa liti.

Kapemphedwe kake

Zofunika kunyamula ndi kalata ya kusukulu, CV yachidule, zotsatira za mayeso ndi kalata ya wophunzira mwini. Kalata yongonena kuti munthu akufuna kudziwa ntchito siikopa aliyense, popeza onse amalemba chimodzimodzi. Yomwe imawerengedwa mpaka kumapeto ndi yotchula gawo lomwe wophunzirayo akufuna, zomwe amadziwa kale, ndi masiku omwe adzakhalepo. Wopempha ku bungwe la madzi, mwachitsanzo, anene kuti adaphunzira kuyeza pH ndi chlorine, ndipo akufuna kuona momwe amayezera tizilombo ta m'madzi.

Kalata imapita ku ofesi yolemba antchito, koma yemwe amadziwa ngati pali benchi yotsala ndi mkulu wa labu. Apa m'pamene aphunzitsi amathandizira. Ambiri mwa iwo amachita kafukufuku pamodzi ndi akatswiri a m'mabungwe amenewa, ndipo mawu awo amodzi amalemera kuposa makalata ambiri. Ophunzira omwe adapitako chaka chatha nawonso amadziwa khomo loyenera kugogoda. Kalata ikaperekedwa, ndi bwino kukafunsanso mwaulemu patapita sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa kukhala chete kwa ofesi sikutanthauza kukana. Ndi nzerunso kupempha malo angapo, akutauni ndi akumaboma omwe. Munthu wouza wophunzira kuti atumize ndalama pafoni kuti amusungire malo ayenera kukayikiridwa.

Ndalama ndi pogona

Malo ambiri salipira wophunzira, ndipo ena amangopereka kangachepe ka thiransipoti. Nkhani ya pogona ndi chakudya ndiyo imasankhira ophunzira ambiri komwe apite, makamaka ochokera m'mabanja osowa. Ambiri amasankha tauni yomwe kuli achibale. Malo ena a kafukufuku ali kutali ndi tauni, kotero nkhani ya nyumba iyenera kufunsidwa wophunzira asanavomere, pamodzi ndi ya zovala zodzitetezera monga labukoti, magolovesi ndi nsapato zolimba.

Akafika pamalo

Sabata yoyamba nthawi zambiri imathera pa malamulo a chitetezo, kutsuka mabotolo ndi kulemba zizindikiro pa zitsanzo. Ntchito zooneka zazing'onozi ndizo zimaonetsa ngati munthu angakhulupiriridwe ndi makina a ndalama zambiri. M'labu mwambi wa safunsa adadya phula umagwira ntchito kwenikweni, chifukwa kusakaniza mankhwala mongoganizira kungawononge zotsatira za miyezi kapena kuvulaza anthu. Kumalo a zaumoyo kuli lamulo linanso losaphwanyika: zotsatira za odwala ndi chinsinsi, sizijambulidwa kapena kutumizidwa pa WhatsApp.

Wophunzira amalemba zomwe wachita tsiku ndi tsiku m'buku lomwe womuyang'anira amasaina, ndipo pomaliza amapereka lipoti kusukulu. Asanachoke ayenera kupempha kalata ya umboni. Kalatayi imadzagwira ntchito pofunsira ntchito, maphunziro a masitazi, kapena malo mu ndondomeko ya boma ya 2018 yotumiza omaliza maphunziro kukayeserera ntchito m'maunduna. Kwa ena, funso lomwe adakumana nalo pa atachimenti ndilo limasanduka mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza.