Malo, Danga ndi Mpata: Kusankha Mawu Polemba za Luso la Makono

Alembi ambiri akakumana ndi liwu la Chingerezi lakuti "space" amathamangira kulemba kuti "malo". M'nkhani za luso la makono chizolowezi chimenechi chimasokeretsa owerenga, pakuti Chichewa chili ndi mawu atatu osiyana. Malo ndi pamene chinthu chakhala. Danga ndi pamene palibe kanthu, koma chinthu chingathe kukhalapo. Mpata ndi popita kapena polekanitsa zinthu ziwiri, monga pakati pa mapiri.

Ntchito ziwiri zoonetsedwa mu mzinda wa London zikusonyeza bwino kusiyanaku. M'chaka cha 1993, Rachel Whiteread anatenga nyumba yakale imene inali pafupi kugwetsedwa, naisandutsa chikombole. Anamata konkire m'kati mwake, kenaka nachotsa makoma. Chimene chinatsala chilili ndi maonekedwe a zipinda zimene anthu ankayendamo. Wolemba kuti mayiyu "anaumba malo" sananene kanthu. Iye anaumba danga, chinthu chosagwirika nachisandutsa chogwirika. Chipilalacho, chotchedwa House, chinagwetsedwa mu Januwale 1994.

M'chaka cha 2007, Doris Salcedo wa ku Colombia anang'amba pansi pa holo yaikulu ya Tate Modern. Mng'aluwo unali wa mamita 167 m'litali, ndipo unkakumbutsa za malire ndi tsankho zimene anthu obwera amakumana nazo ku Ulaya. Apa liwu loyenera ndi mpata, popeza ntchitoyo inagona pa kulekana kwa mbali ziwiri.

Pali ganizo linanso, la kukhala pakati: kuchoka uku koma osafika uko. Victor Turner, amene anafufuza miyambo ya Andembu a ku Zambia m'zaka za m'ma 1950, analifotokoza poona anamwali, ndipo olemba za luso analibwereka kwa iye ndi kwa ena. Mchewa salidabwa ganizoli. Namwali ali kutsimba salinso mwana, komanso sanakhale wamkulu. Choncho palibe chifukwa chopekera liwu lachilendo. Mawu akuti "kukhala pakati" ndi okwanira.

Pa kalembedwe, "pakati" ndi liwu limodzi, ndipo "pa" wotsatira amaima payekha: pakati pa makoma. Akonzi ndi aphunzitsi ayenera kuyamba afunsa chimene mmisiri anachita, ndipo liwu lisankhidwe pambuyo pake.