Galimoto ya turbo ikamadukiza mwa apo ndi apo

Galimoto yanyamuka bwinobwino ku Namitete kulowera mumzinda wa Lilongwe pamsewu wa M12. Itangodutsa pa Msundwe, dalaivala waponda moto kuti apitirire lole yodzaza matumba a soya, koma ali pakati pa loleyo injini yagwedera kawiri katatu, mphamvu yathawa, ndipo nyali yachikasu yokhala ndi chithunzi cha injini yayamba kuphethira. Kutsogolo kukubwera basi. Akapulumuka pamenepo n'kukafika kugalaja, injini ikulira mosalala ngati sinalakwepo kanthu.

Vutoli amakaniko amalitchula kuti misfire. Injini ya petulo ili ndi masilinda, kawirikawiri atatu kapena anayi, ndipo m'silinda iliyonse mumayenera kukumana mpweya, petulo ndi moto wa pulagi panthawi yake, zitapanikizidwa mokwanira. Chimodzi chikaperewera, silindayo siyaka ndipo galimoto imadukiza.

Chimene chimasokoneza pa galimoto za turbo, monga Volkswagen Golf TSI, Subaru Forester XT kapena tigalimoto ta 660cc tochokera ku Japan, ndi kagwiridwe ntchito ka turbo yomweyo. Turbo imazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini ndipo imakankhira mpweya wochuluka m'masilinda, koma imachita izi mwamphamvu pokhapokha injini ikalemedwa: pokwera chitunda, popitirira galimoto ina kapena itasenza katundu. Mpweya ukathithikana chotere, moto wa pulagi umavutika kudumpha. Pulagi yotha kapena koyilo yofooka imagwirabe ntchito galimoto ili chiimire pagalaja, n'kulephera pamsewu. Makaniko amene wangomvetsera kulira kwa injini sanaiyeze galimotoyo, ayenera kukwera nawo n'kuipondetsa moto.

Umboni woyamba uli ndi dalaivala. Kodi imadukiza m'mawa injini isanatenthe kapena itayenda mtunda? Mvula ikagwa? Atangothira mafuta? Pabampu? Yankho lililonse likuloza kwina.

Umboni wachiwiri uli m'kompyuta ya galimoto, yomwe imasunga nambala ya vuto ngakhale nyali itazima. Makina oyezera amalumikizidwa pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero. Nambala ya P0301 imatanthauza kuti ikudukiza ndi silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, choncho mpaka P0304, pamene P0300 imatanthauza kuti vutoli silili m'silinda imodzi. Kompyutayo imasunganso liwiro ndi kutentha kwa injini panthawi imene vutolo linachitika. Chizolowezi chochotsa waya wa batire kuti nyali izime chikhoza kufufuta umboni wonsewu, vuto n'kutsala pomwepo. Mwini galimoto wa ku Nsaru amene akuwotcha mafuta ulendo wa kutauni kukayezetsa ndi bwino apite nambalazo zisanafufutidwe.

Nambala ikaloza silinda imodzi, pali kuyesa kosalira ndalama. Pagalimoto zambiri zamakono pulagi iliyonse ili ndi koyilo yake. Makaniko amachotsa koyilo ya silinda yodukizayo, tinene yachiwiri, n'kuisinthanitsa ndi yachitatu, kenako kuyendetsa galimoto. P0302 ikasanduka P0303, yafa ndi koyilo. Ikakhala pomwepo, amasinthanitsa mapulagi. Ikakanirirabe, maso amatembenukira ku injekita, mawaya ake, ndi kuyeza ngati silindayo ikupanikiza mpweya mokwanira. Kugula makoyilo anayi nthawi imodzi mongolota, monga zimachitikira nthawi zambiri, n'kutaya ndalama.

Mapulagi nawo ali ndi nkhani yawo. Injini zambiri za turbo zimafuna mapulagi a iridium okhala ndi mpata wochepa, pafupifupi mamilimita 0.7 kapena 0.8, malinga ndi buku la galimotoyo. Pulagi yotchipa ya galimoto ina ikhoza kulowa bwinobwino pabowo, koma n'kuyamba kudukiza turbo ikangodzuka. Mzere wakuda woonda pa mbali yoyera ya pulagi ndi chizindikiro choti moto ukuthawira kunja.

Nambala ikakhala P0300, makamaka ikabwera pamodzi ndi P0171 yomwe imasonyeza kuti petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya, vuto limakhala pa chinthu chimene masilinda onse amagawana. Apa ndi pamene moyo wa kumudzi umalowerera. Mafuta akasowa m'malo omwetsera, monga zakhala zikuchitikira kuyambira mu 2022, ambiri amagula a m'zigubu, omwe akhoza kukhala ndi zinyalala, madzi kapena palafini. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982 pamene fakitale ya Ethco inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Madzi akachuluka amakhazikika pansi pa thanki, pomwe pampu imakokera, n'chifukwa chake galimoto imadukiza pabampu kapena mafuta akatsala pang'ono. Kupopera petulo pang'ono m'botolo loonekera mkati n'kulisiya kwa mphindi zingapo kumaulula zonse, chifukwa madzi amatsikira pansi. Fyuluta yotsekeka kapena pampu yotopa nayonso imakwanitsa mafuta oyendera pang'onopang'ono koma osati opitirira lole.

Fumbi la m'misewu ya kwa Kabudula ndi ku Nambuma limatseka fyuluta ya mpweya ndi kudetsa sensa yoyeza mpweyawo, ndipo mabampu amamasula mapaipi a rabala ochoka ku turbo. Paipi yong'aluka pang'ono imatsegula pokhapokha mpweya ukapanikiza, ndipo nthawi zina pamamveka kamluzu. Makoswe asaiwalidwe: galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga imadyedwa mawaya, ndipo waya wolumidwa theka amagunda n'kusiya. Madzi olowa m'mabowo a mapulagi potsuka injini kapena podutsa pachithaphwi amachitanso chimodzimodzi mpaka ataphwa.

Kudukiza kwa m'mawa kokha, kotha injini ikatentha, n'kosiyana. Pa injini zopopera petulo mwachindunji m'silinda, monga za TSI, mwaye umaunjikana pa mavavu olowetsa mpweya. Koma ngati madzi a mu radiyeta akuchepa popanda podontha pooneka, ndiye kuti gasiketi ya pamutu pa injini ikhoza kukhala ikulowetsa madzi m'silinda, ndipo imeneyo si ntchito yodikira kuti fodya agulitsidwe kaye.

Nyali ya injini ikangoyaka osaphethira, galimoto ikhoza kuyenda modekha mpaka kugalaja. Ikamaphethira, petulo wosapsa akupita mu ekizozi ndipo akuwotcha catalytic converter, chipangizo chodula kuposa makoyilo onse anayi. Dalaivala achotse phazi pamoto, asapitirirenso galimoto ina iliyonse, ndipo ikapitiriza kuphethira aimike pambali pamsewu.